Galimoto ilowera pati?

Akonzi, ndipatseniko mpata ndifotokoze za ulendo umene ndinayenda Loweruka lina mwezi wa Okutobala wapitawu. Sunali ulendo wa kutali ayi, sindinatuluke n'komwe mu Lilongwe, koma ndinabwerako nditaona chinthu chimene ndakhala nacho pakhomo zaka zoposa 20 osachiona. Ndalemba podziwa kuti pakati pa owerenga pali ena amene akusunga tindalama kuti agule poloti, ndipo ena ali pafupi kugawana malo amene makolo anasiya. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Bambo athu anali kalipentala. Anabwera ku Lilongwe kuchokera ku Dowa pamene mzinda unkamangidwa, likulu la dziko litasamuka ku Zomba mu 1975. Atagwira ntchito zaka zingapo anagula malo kwa amfumu kunja pang'ono kwa Area 25, kumene nthawi imeneyo kunali minda ya chimanga yokhayokha. Malowo ndi mamita 20 mbali ya kumsewu, ndipo kulowa m'kati ndi mamita 60. Msewu wake unali wa ngolo ndi njinga. Nyumba anaimanga kumbuyo, kutali ndi fumbi, nabzala mitengo inayi ya mango.

Atatisiya, amalume anabwera kudzagawira malowo ana awirife, ine ndi mlongo wanga. Poti ndine wamkulu, anati ndiyambe kusankha. Sindinachedwe. Ndinatenga kumbuyo, mamita 40, pamodzi ndi nyumba, chitsime ndi mango onse, ponena kuti ndine ndizisamala mayi. Mlongo wanga anatsala ndi mamita 20 a kutsogolo, pambalambanda, popanda ngakhale mthunzi. Amalume anayeza ndi mapazi kanjira m'mphepete mwa malire kuti ine ndizitulukira, nati, "Bola wilibala idutse." Kanjirako ndi mita imodzi ndi theka. Achibale ananong'onezana kuti mwana wamkazi wadyeredwa masuku pamutu, ndipo kunena zoona, nane mumtima ndinkadziwa kuti ndatenga mnofu, iye ndamusiyira fupa.

Zaka zinapita. Minda ija inasanduka nyumba, magetsi anafika, msewu wa ngolo anaupala, maminibasi ndi akabaza n'kuyamba kudutsa. Mlongo wanga anayamba ndi benchi ya tomato, kenako okala, lero ali ndi zitseko zitatu zoyang'ana kumsewu: golosale, saluni ndi kachipinda kotumizira ndalama pafoni. Iye amakhala kuseri kwa mashopuwo. Ine ndinapitiriza kuphunzitsa mpaka kupuma pantchito, ndikudya mango anga pamthunzi.

Chaka chino mwana wanga wotsiriza wasankhidwa kupita kuyunivesite. Nditawerengetsa fizi, malo ogona ndi chakudya cha zaka zinayi, ndinaona kuti penshoni ya mphunzitsi siingakwane. Ndinaganiza zogulitsa malo, ndikamange kanyumba kumudzi, zotsalazo ziphunzitse mwana. Dobadoba wina anandibweretsera anthu atatu. Woyamba anayamikira mango, anasuzumira m'chitsime, kenako anafunsa, "Nanga galimoto ilowera pati?" Wachiwiri anasiya galimoto yake kumsewu, ndipo nthawi yonse imene tinkalankhula anali cheucheu, mtima uli kumeneko. Wachitatu anatchula mtengo, koma unali wochepera ndalama zimene munthu wina analonjeza mlongo wanga pa kachigawo kake, iye asanatsatse n'komwe. Malo anga ndi masikweya mita 800, ake sakwana 400. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Ndinakadandaula kwa mkulu wina amene timasewera naye bawo. Mkuluyu anagwira ntchito yoyeza malo m'boma mpaka kupuma, ndipo tonse timangoti a Saveya. Ndinawauza kuti madobadoba apangana zondibera. Anatsiriza kaye kuponya nkhomo zawo, kenako anati, "Aphunzitsi, palibe amene wakuberani. Koma ndikakuuzani pano mukana. Loweruka muvale nsapato zolimba, tikayende."

Tinakumana m'mawa pamsika wa Nsungwi. Tisanakwere minibasi, anatola kamtengo najambula pansi mapoloti atatu. Yoyamba inali ya mamita 20 kumsewu ndi 30 kulowa m'kati. Yachiwiri inali ya mamita 10 kumsewu ndi 60 kulowa m'kati. Yachitatu inali ya makona atatu ngati samusa, mbali zake mamita 30, 40 ndi 50. "Inu munaphunzitsa masamu," anatero, "yaikulu ndi iti?" Ndinawerengetsa, ndipo ndinapeza kuti zonse ndi masikweya mita 600.

"Chabwino. Tsopano mangani mpanda." Poloti yoyamba inafuna mpanda wa mamita 100, ya samusa 120, yowonda ija 140. Ndiye kuti mwini poloti yowonda agula njerwa, mchenga ndi simenti za mamita 40 owonjezera asanakumbe n'komwe maziko a nyumba. A Saveya anapitiriza. Khonsolo siilola munthu kumanga nyumba mpaka pamalire, pamayenera kutsala mpata kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. "Tingoyerekeza kuti tasiya mamita atatu mbali zonse." Pa poloti yoyamba panatsala mamita 14 kwa 24, omwe ndi masikweya mita 336, nyumba ya banja yokwana bwino. Pa yowonda panatsala mamita 4 kwa 54, masikweya mita 216, ndipo chimene mungamange pamenepo ndi mdadada wa zipinda za lendi basi. Pa ya samusa panatsala 294, koma m'makona ake osongoka simungalowe ngakhale bedi. Anafafaniza zojambulazo ndi phazi nati, "Wogula salipira dothi lonse. Amalipira dothi limene angaligwiritse ntchito. Tiyeni."

Tinakwera minibasi yodzera ku Kanengo, tinatsata msewu wa M1, n'kutsikira pafupi ndi msewu wodutsa pamwamba pa unzake ku Area 18. Ndadutsa ku Area 18 kosawerengeka, koma ndinali ndisanayendemo ndi munthu woloza zinthu ndi chala. Dera limeneli ndi limodzi mwa amene anakonzedwa pamene likulu linkasamuka. Boma linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968 kuti limange mzinda watsopano, ndipo nyumba zambiri za ogwira ntchito zinali m'manja mwa Malawi Housing Corporation, imene inayamba mu 1964. Chimene a Saveya ankafuna ndione n'chakuti kumeneku msewu ndiwo unayamba kubadwa. Anthu a mapulani anajambula misewu papepala, mapoloti n'kubwera pambuyo, ndipo poloti iliyonse inapatsidwa khomo lake pamsewu. Nyumbazo n'zazing'ono, zina zakalamba, mipanda ina ndi ya maluwa, ina ya njerwa, koma palibe amene amadutsa pabwalo la mnzake kuti akafike kwawo.

Anandionetsanso zimene zimayenda ndi msewu. Mapaipi a Lilongwe Water Board ali m'mphepete mwa msewu. Mapolo a Escom ali m'mphepete mwa msewu. Ngalande ya madzi a mvula ili pomwepo. Nyumba yokhudza msewu imalumikiza zonsezi ndi mamita owerengeka. Nyumba ya kuseri imafuna paipi yaitali ndi waya wautali, ndipo zonsezo zimadutsa m'malo a munthu wina, amene mawa angafune kumangapo khitchini. Ndinakumbukira kuti paipi yanga inakwiriridwa pansi pa kanjira kaja, ndipo itaphulika chaka china tinachita kukumba m'mbali mwa saluni, makasitomala akulumpha matope.

Tinaima pa nyumba ina ya pakona, pamene misewu iwiri imakumana. Inali ndi mageti awiri, lina la eni nyumba, lina lolowera ku kanyumba ka kuseri kamene amachititsa lendi. Ndinati imeneyi ndiye poloti ya mfumu. A Saveya anavomera theka. Poloti ya pakona imaoneka kuchokera mbali ziwiri, n'chifukwa chake anthu ofuna kutsegula sukulu ya mkaka, famase kapena ofesi amailimbirana, ndipo n'kosavuta kuigawa chifukwa chigawo chilichonse chipeza msewu wake. Koma munthu wofuna pogona pa banja amaona zina. Ayenera kusiya mpata wa kumsewu mbali ziwiri, fumbi limabwera mbali ziwiri, nyali za magalimoto zimawala m'chipinda usiku, ndipo dalaivala akaphonya kona, khoma loyamba kugumuka ndi lake. Mpanda wa kumsewunso umamanga wekha, palibe mnansi wogawana naye mtengo wa simenti. Choncho mtengo wa pakona umadalira amene akugula, kaya ndi wamalonda kaya ndi wofuna tulo.

Kuchoka apo tinakwera akabaza, tinadutsa Bingu National Stadium, bwalo limene linatsegulidwa mu 2017, mpaka ku Area 47. Kumeneko a Saveya ananditengera mu kamsewu kena kothera panjira, kamene kumapeto kwake kali ndi bwalo lotembenukira magalimoto. Ana ankapalasa njinga pakati pa msewu popanda wowakalipira. Mapoloti ozungulira bwalolo ndi opapatiza pageti koma otambasuka kumbuyo, ngati nkhwangwa. Kunja umangoona geti ndi kakhoma pang'ono, koma mitengo yoonekera pamwamba pa mpanda imakuuza kuti m'katimo muli malo. Anthu a mabanja amakonda mapoloti otere chifukwa magalimoto odutsa kulibe, ndipo mlendo aliyense amaonekera patali.

Apa mtima wanga unadumpha. Ndinati, "Akulu, nanga si zofanana ndi kwanga? Pakhomo pochepa, kumbuyo kwakukulu, phokoso kulibe." Anapukusa mutu. "Awa pakhomo pawo m'pochepa, koma lole ya mchenga imalowa. Khomo silifunika kukhala lalikulu, limafunika kukwana. Yanu ija ndi chipande, aphunzitsi. Kumutu n'kotakasuka, koma chogwirira chake n'chowonda." Anati ngakhale m'madera a anthu olemera muli mapoloti a chipande, ndipo ena amawakonda chifukwa cha bata. Kusiyana kwake n'kwakuti chogwiriracho chimakhala chokwana galimoto yaikulu, ndipo chimalembedwa pa mapepala a malo kuti ndi cha mwini nyumba ya kuseriyo. Changa n'chokwana wilibala, ndipo umboni wake unali mapazi a amalume, amene nawonso anatisiya kale.

Dzuwa litafika pamutu tinakhala pansi pa Bwandilo kudya tchipisi cha pachiwaya. Ali m'kati mothira tsabola, a Saveya ananditchulira lamulo lakale la anthu owerengera mitengo ya malo m'mizinda ya ku America, lotchedwa 4-3-2-1. Amati ukadula poloti m'zigawo zinayi zofanana kuyambira kumsewu, chigawo choyamba chimanyamula 40 peresenti ya mtengo wonse, chachiwiri 30, chachitatu 20, ndipo chakumbuyo 10 yokha. Anandichenjeza kuti si lamulo la boma, ndi chiyerekezo chabe, ndipo chimagwira kwambiri pa misewu ya malonda kusiyana ndi m'madera a phee. "Koma msewu wa kwanu uja," anatero, "udakali wa ngolo?"

Ndinatenga cholembera n'kuyesa pa pepala lokulungira tchipisi. Malo a bambo, mamita 60, akadulidwa panayi chigawo chilichonse ndi mamita 15. Mlongo wanga ali ndi chigawo choyamba chonse, 40 peresenti, kuphatikizapo mamita 5 a chigawo chachiwiri, omwe ndi 10 peresenti. Zonse pamodzi 50. Ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a malo a bambo lanyamula theka la mtengo, ndipo magawo anga awiri akugawana theka linalo. Komanso masamu amenewo akuyerekeza kuti kumbuyoko kumafikika. Tchipisi chinasiya kukoma.

Kuchokera ku Area 47 kupita ku Mtandire si patali, koma ukangolowa umadziwa kuti kuno nyumba ndizo zinayamba kubadwa, msewu n'kumadzipanikiza pamene patsala mpata. Mtandire ndi dera la anthu olimbikira. Ambiri mwa amene amamanga, kulondera ndi kusesa nyumba za m'madera a mapulani amagona kumeneku. M'misewu ikuluikulu muli moyo: zigayo, mashopu a zitsulo, osoka zovala, owotcherera mageti, ogulitsa makala. Koma titapatuka kulowa m'kati, njira inayamba kuchepa. Poyamba inali yokwana galimoto, kenako njinga, kenako tinayamba kuyenda mondondozana, mapewa akukhudza makoma. Pena njira inkathera pabafa la munthu, n'kubwerera.

Tinapempha madzi akumwa kwa mayi wina wachikulire amene ankasankha nyemba pakhonde. A Saveya anawafunsa kuti njerwa za nyumba yawo zinafika bwanji. Mayiwo anaseka. "Bambo, njerwa iliyonse mukuionayi ndinailipira kawiri. Lole inatsitsa kumsewu, anyamata n'kututa pamutu." Anati pamene ankagula malowo, ngolo inkafika pakhomo. Kenako wa kutsogolo anagulitsa kachigawo, wogulayo anamanga mpanda, winanso anawonjezera chipinda, njira n'kutsala imene tinadzera. Palibe amene anachita mwankhanza, aliyense anangotenga phazi limodzi. Lero chimbudzi chikadzaza, galimoto yopopa siifika. Munthu akadwala usiku amamunyamula pambuyo mpaka kumsewu. Za moto sanafune n'kutchula komwe. Ali ndi zipinda ziwiri za lendi, koma amalipiritsa motsika kusiyana ndi anzawo a kumsewu, ngakhale zawo zili ndi simenti pansi.

Potuluka tinadzera kumunsi, kufupi ndi mtsinje wa Lingadzi. A Saveya analoza nyumba zimene makomo ake ayang'ana kumadzi. Malo a m'mphepete mwa mtsinje amatsika mtengo, ndipo munthu wosauka amathamangira kumeneko. Mu February 2017 Lingadzi anasefukira nalowa m'nyumba za anthu ku Mtandire, mabanja ambiri n'kutaya katundu. "Poloti iliyonse ili ndi chimene yayang'ana," anatero. "Musanafunse mtengo, funsani kuti yayang'ana chiyani."

Ulendo wathu wotsiriza unali wa ku Njewa. Tinadutsa pa Gateway Mall n'kulowa msewu wa ku Mchinji. Mbali imeneyi mzinda ukudya minda maso akuona. Nyumba za malata a mitundumitundu zaima pakati pa mapesi, ndipo paliponse pali zikwangwani zotsatsa mapoloti. Ndinaona ngati ndikuona kwathu kuja zaka 40 zapitazo. Mnyamata wina wovala bwino anatithamangira ndi mapu m'manja, poganiza kuti ndife ogula. Mapuwo anali okongola, mapoloti ali ndondondo ngati mabokosi a machesi, pakati pake misewu yowongoka.

A Saveya anapempha kuti tikaone msewu umodzi pansi, osati papepala. Anayeza ndi mapazi kuchokera pa bikoni ina kufika pa inzake ya tsidya lina, kenako anayeza pamene anthu amanga kale mipanda. Pa mipandapo msewu unali utachepa, chifukwa wa kumanja anatuluka pang'ono, wa kumanzere naye pang'ono. Kutsogolo kwake msewuwo unkathera m'munda wa munthu amene sanagulitse malo ake. "Uwu ndi msewu wa papepala," anandinong'oneza. Mnyamatayo anationetsanso poloti ina yotsika mtengo kumapeto kwa mzere, pamene malire a munda anapendekeka. Inali samusa yeniyeni, ngati ya pa Nsungwi ija. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Poloti imene mnyamatayo ankainyadira kwambiri inali yoyang'ana pa tala penipeni, ndipo mtengo wake unali wokwera kuposa onse. Ine, poti ndinali nditangophunzira kuti msewu ndi ndalama, ndinati imeneyi ndiye yabwino. A Saveya anandibweza. Msewu waukulu uliwonse uli ndi malo ake mbali zonse ziwiri, amene malamulo anaupatulira kuti udzakule, ndipo malowo amapitirira patali kuposa pamene tala wathera. Munthu akamanga m'menemo, tsiku lina amadzuka n'kupeza chizindikiro chofiira pakhoma. A Roads Authority akafuna kukuza msewu safunsa kuti unagula kwa yani. Tonse a mu Lilongwe tinaona mmene msewu wa Kenyatta unatambasukira pamene ankaukuza, ndipo zimene zinali m'mphepete zinachoka. Kuwonjezera apo, kutulutsa galimoto pageti n'kulowa mumsewu wa malole othamanga si masewera, ndipo mwana wamng'ono sungamusiye pabwalo. Kwa munthu wofuna nyumba yogona, iwo anati, poloti yabwino ndi ya mzere wachiwiri kapena wachitatu, pa msewu wa m'mbali wokwana magalimoto awiri, pamene tala ali pafupi koma sakukugonetsa ndi phokoso.

M'minibasi pobwerera, kudzera msewu wa Kaunda, ndinawapempha kuti andiuze mwachidule zimene iwo amayang'ana akamagula malo. Anati amapita ndi galimoto, osati wapansi, kuti aone ngati ifika pageti ndi kutembenuka. Amayeza okha mbali ya kumsewu, chifukwa wogulitsa amakonda kutchula kukula kwa malo onse, osati kwa khomo. Amawerenga makona, ndipo akapitirira anayi kapena akachepera amayamba kukayika. Amafufuza mabikoni onse ndi maso awo. Amaona ngati poloti ili kumunsi kwa msewu, chifukwa madzi a mvula salemekeza geti, ndipo ngati n'kotheka amabwereranso mu Januwale, mvula ili pakati. Pomaliza amapita kukhonsolo kapena ku unduna wa za malo kukaona ngati msewu umene wogulitsa akuloza ulipodi pa mapu a boma. Safunsa anadya phula.

Ndinafika kwathu dzuwa litapendeka. Ndinaima kumsewu n'kuyang'ana kanjira kanga ngati mlendo. Kumanja khoma la saluni, kumanzere mpanda wa aneba, pakati kamdima. Ndipo ndinakumbukira chinthu chimene ndinkachikankhira kutali tsiku lonse. Mayi atamwalira, galimoto ya maliro inaima kumsewu. Bokosi linatuluka pamanja, ndipo m'kanjiramo anthu sakanatha kuyenda mbali zonse ziwiri, anachita kunyamula awiri kutsogolo, awiri kumbuyo, akukhula zigongono kumakoma. Amayi oimba anatsalira m'mbuyo, akudutsa mmodzimmodzi. Tsiku limenelo ndinaona ngati ndi mavuto a pamaliro chabe. Sindinaganize kuti malo akundiuza kanthu.

Ndinapeza mlongo wanga akutseka golosale. Ndinamufotokozera ulendo wonse, masamu a pa Bwandilo ndi zonse. Kenako ndinanena chimene ndinadzera: kuti kanjira kafike mamita anayi, pafunika mamita awiri ndi theka kuchokera kumbali yake, kutalika mamita 20. Ndi masikweya mita 50, ndipo saluni iyenera kugumulidwa mbali imodzi. Ndinkadziwa kuti ndikupempha dothi lodula kuposa lonse pa malo a bambo.

Anakhala chete nthawi yaitali, akuwerenga makobidi a m'kabati. Kenako anati, "Achimwene, tsiku lija munasankha ndinu."

Ndinati, "Ndikudziwa, achemwali."

"Ndinalira sabata yathunthu. Mango onse anayi, ngakhale umodzi osandisiyira."

Ndinalibe choyankha. Anatseka kabati, nati wamva, ndipo mwana amene akupita kusukuluyo ndi wakenso. Koma anaika mfundo zake zitatu. Pa masikweya mita 50 a kutsogolo, ine ndimupatse 100 a kumbuyo, kumene kuli mtengo umodzi wa mango. Khoma la saluni ndimange ndine. Ndipo chachitatu, zonse zilembedwe. "Za mapazi a amalume zinatha. Inu mukagulitsa, ine ndidzakhala ndi mlendo kuseri kwanga. Ndikufuna adziwe pamene njira yake yayambira ndi pamene yathera, ana anga asadzakangane naye ife titapita." Ndinaona kuti zimene ine ndinakaphunzira ku Njewa ndi nsapato zolimba, iye anaziphunzira kalekale ali pa benchi ya tomato.

Panopa tili m'kati moyenda m'maofesi. A Saveya atiuza kuti malamulo a mapulani, kuphatikizapo Physical Planning Act ya 2016, amafuna kuti munthu apemphe chilolezo asanadule malo a mumzinda, ndipo woyeza malo wovomerezeka ndiye ayenera kuika mabikoni. Zikutenga nthawi ndi ndalama, ndipo fizi ya chaka choyamba ndachita kukongola. Malo sindinagulitse. Mwina njira ikatseguka sindidzagulitsanso, chifukwa kumbuyoko kungakwane nyumba ziwiri za lendi zimene lole ingafikeko ndi njerwa. Tidzaona.

Kwa inu amene mukugawana malo a makolo, makamaka m'mphepete mwa mizinda ndi m'matauni amene akukula, pempho langa ndi ili: musanagawane mitengo, nyumba ndi chitsime, yambani mwapatula msewu. Muupatse mamita okwana lole, ngakhale lero m'banja mwanu mulibe amene ali ndi njinga. Ngati malo alola, dulani kuti aliyense akhudze msewu, kusiyana n'kuika wina kutsogolo, wina kuseri. Ndipo lembani, pakuti abale amene akugwirizana lero si amene adzakhale pamalopo zaka 30 zikubwerazi. Midzi imene lero ili ndi msewu wa ngolo, mawa idzakhala ndi dzina la Area.

Kwa inu ogula, wogulitsa akayamba kukuuzani kukula kwa malo, mulekeni amalize. Kenako mufunseni funso limene munthu uja anandifunsa pansi pa mango anga, limene ndinakwiya nalo sabata yathunthu: galimoto ilowera pati?

Mphunzitsi wopuma,
Area 25, Lilongwe